ZA PA WINDO LA MABALANI: Kugula Kagalimoto Kakale ka M'matope



Mwezi uno anthu atatu afika pa windo langa, osati kudzafunsa za malipiro kapena za chuthi ai, koma kudzapempha kuti ndiwalembere kalata ya malonda a galimoto. Onse atatu afuna mtundu umodzi: timagalimoto tija tating'ono tokoka ndi mawilo onse anai, timene anyamata achula 4x4. Cifukwa cace ncodziwika. Mvula iri pafupi, ndipo amene anayendapo mseu wa ku Sanyati kapena tinjira ta ku minda mwezi wa January adziwa m'mene dothi la kuno ligwirira galimoto wamba. Tsono popeza bonasi nayonso iri pafupi, ndati ndikuuzeni zimene ndinaona caka catha pamene ndinaperekeza atsibweni anga pa malonda otere. Ine sindine makaniko, nchito yanga ndi colembera. Koma ndinayenda nao masabata asanu, ndipo ndalama zina zinatayika ine ndiri kupenya.

Atsibweni akhala ali kuboola mwala ndi jekihamala zaka 19, ndipo makutu ao samvanso bwino. Anasunga madola 3,500 a ku America. Anafuna kagalimoto konyamulira feteleza ndi cimanga ku munda umene alima kufupi ndi mtsinje wa Muzvezve. Koma cimene cinali pansi pa mtima wao, ndipo anandiuza usiku tiri awiri, ndi cakuti tsiku lina akalowe m'mudzi mwao ku Dedza ali pa ciongolero, alongo ao ali kuliza nthungululu.

Poyamba mudziwe cifukwa cace magalimoto awa ali okalamba onse. M'caka ca 2021 Boma la Zimbabwe linaika lamulo lochedwa Statutory Instrument 89, lotsekereza kuitanitsa magalimoto ang'ono amene apyola zaka 10 cipangidwire. Kotero munthu wa ndalama zocepa sangaitanitsenso kagalimoto kakale kucokera ku Japan monga anali kucitira anzathu kale. Zimene tigula ife ndi zimene zinalowa kale m'dziko muno, ndipo zingosintha manja: kwa mlimi, kwa mphunzitsi, kwa makorokoza, kenaka kwa inu. Mwini ali yense wasiyapo bala lace, ndipo si onse amene anasintha dzina m'buku la galimoto.

Mitundu yace mwaiona. Pali Land Rover yaifupi, imene inayamba kupangidwa ku England mu 1948; zimene zitsala m'miseu yathu zambiri ndi Series III, za pakati pa 1971 ndi 1985, pamodzi ndi mbale wace Santana wa ku Spain amene apolisi anali kuyendera. Pali Suzuki SJ410 ya 1981, ya injini ya 970cc, ndi SJ413 ya 1984, ndi mdzukulu wao Jimny amene anaturuka mu 1998. Palinso Pajero Mini ya 660cc, ndi Pajero iO, imene injini yace ya GDI amakaniko ambiri a m'komboni safuna kuikhudza.

Loweruka loyamba tinapita ku Chegutu, kumene agogo athu anali kuchula Hartley mpaka 1982. Tinatenga a Madala ena a ku Angonia, amene anagwira nchito ya fitala pa mgodi mpaka kupuma. Ine ndinanyamula kope ndi colembera. Iwo ananyamula nyundo yaing'ono, toci ndi thumba losatha nchito. Ndinawafunsa m'basi kuti, "Kodi thumbali nlaciani, a Madala?" Nati, "Mwana wanga, galimoto yotere sagula ataimirira."

Tinaipeza Land Rover ija itaima pa bwalo, yobiriwira, penti wace watsopano wonyezimira, mipando yokutidwa bwino. Atsibweni anaizungulira kawiri, nkhope yao iri ngwee. Mwini galimoto, mnyamata wa mau okoma, anati, "Acimwene, gogodani thupi ili. Mulibe dzimbiri ngakhale pang'ono." Ndipo sananame. Thupi la Land Rover ndi la aluminiyamu, ndipo aluminiyamu sacita dzimbiri lofiira lija. Apa ndi pamene ambiri anyengedwa, cifukwa ayesa kuti galimoto yonse iri yotero. Koma chasisi, ndiwo mafupa amene thupi ndi injini zigonapo, ndi citsulo wamba, ndipo m'kati mwace muli mphako ngati bokosi lalitali. Matope alowa m'menemo, nakhala zaka, nadya citsulo kucokera m'kati. Pamene dzimbiri lioneka kunja, nchito yace yatha kale.

A Madala anayala thumba lao, nagona cagada pansi pa galimoto. Tinamva nyundo iri kuyenda kucokera kutsogolo. Citsulo camoyo cilira ngwe, ngwe, monga belu. Anafika pakati, ngwe. Anafika kumene masipuling'i a kumbuyo agwirira, ndipo kulira kunasintha, kunangoti phu, phu, monga munthu agogoda dzungu. Pa mtanda wa kumbuyo kweni-kweni, pamene amangapo ngolo, nyundo inalowa. Inde, inalowa ndithu, ndipo panagwa dothi louma ndi makoko a dzimbiri odzaza manja awiri. Pamwamba pace anali atapaka phula wakuda watsopano.

Ataturuka anationetsa zina. Masipuling'i a kumbuyo anali ataonjezedwa zitsulo zitatu mbali iri yonse. Pansi pa bodi panali popindika ngati mbale. M'makona munali timiyala toyera tosweka. A Madala anati, "Iyi yanyamula miyala." Inu nonse mudziwa m'mene makorokoza alongera matumba a miyala kupita nao ku cigayo, mpaka galimoto ikhala pansi ngati bakha. Galimoto yopangidwira katundu wocepa ikacita nchito yotere zaka ziwiri, chasisi iyamba ming'alu pafupi ndi masipuling'i. Aocherera, isweka pambali pa pooceredwapo, aochereranso. Anationetsanso pansi pa mapazi a woyendetsa ndi mizati imene zitseko zigwirira, pakuti cipupa ca pakati pa injini ndi anthu naconso ndi citsulo. Anakweza mphasa ya labala, ndipo tinaona nthaka.

Atsibweni sanafune kumva. Anati, "Komabe tiyeni tiiyese, injini ilira bwino." Tinakwera. Tsono m'Land Rover yakale muli ndodo zitatu: ya magiya, ina ya mutu wofiira, ndi ina ya mutu wacikasu. Mukakanikiza yacikasu, mawilo onse anai akoka. Mukakokera yofiira kumbuyo, mulowa giya yamphamvu ya m'matope ndi m'mapiri. Pa mseu wa tala ziyenera kukoka ndi mawilo a kumbuyo okha, cifukwa magalimoto awa, ndi Suzuki yomwe, alibe difu ya pakati. Mukayendetsa onse anai pa mseu wouma wolimba, zitsulo zipotana m'kati mpaka cina cithyoka. A Madala anaona kuti ndodo yacikasu inali yokanikizidwa kale ngakhale tinali pa tala. Anapempha ciongolero, nakoka yofiira kumbuyo, naibweza kutsogolo, yacikasu inadumpha. Analowetsa giya, nasiya kalachi. Injini inalira, galimoto osasuntha ngakhale phazi limodzi. Shafuti ina ya ku mawilo a kumbuyo inali yothyoka, ndipo mnyamata uja anali kuyenda ndi mawilo a kutsogolo okha kuti tisadziwe.

Iye anaseka, nati, "Acimwene, kashafuti nkochipa." Zoona, nkochipa, ndipo pa Land Rover kuthyoka kwa shafuti imeneyi si cacilendo. Koma chasisi si yochipa. Tinabwerera ku Kadoma madzulo atsibweni osalankhula, ngati kuti a Madala ndiwo anabvunditsa citsulo cija.

Mukaona kagalimoto ka mtundu uwu, yang'ananinso ngati shafuti yaitali yopita ku mawilo a kutsogolo iripo. Ena aicotsa ikaonongeka, nagulitsa galimoto pa mtengo wa 4x4 pamene ikoka ndi awiri. Ndipo musabvomere kuiyesa pa tala pokha. Pitani nayo pa mcenga kapena pa citunda ca dothi, mulowetse ndodo zonse, mumve ngati giya idumpha yokha potsika.

Yaciwiri tinaipeza kuno ku Kadoma, ku Rimuka. Inali Suzuki SJ413 yoyera. A Madala anagona pansi pace nthawi yaitali, naturuka ali kupukuta manja, nati, "Aka nkamoyo." Atsibweni atamva mau awa mtima unathamanga. Lacitatu, ine ndiri pa nchito, anapita okha nakapereka cikole ca madola 300 kuti wina asawalande. Sanalembe kanthu. Anagwirana canza basi.

Loweruka ndinapita kukalemba kalata ya malonda, ndipo ndinapempha buku la galimoto. Pano ndi pamene nchito ya mabalani iyambira, ndipo ndikupemphani muwerenge bwino. Dzina la m'buku silinali la wogulitsa. Ndinamfunsa, nanditurutsira makalata atatu a malonda: mwini buku anagulitsa kwa wina, winayo kwa wina, mpaka kwa iye. Kalata imodzi inali yojambulitsa cabe, yosaoneka bwino. Ndinafunsa kumene ali mwini dzina. Nati, "Anapita ku Joni kale-kale." Ndinatenga toci ya a Madala, ndinapukuta mafuta pa injini, ndinawerenga nambala yosindikizidwa pa citsulo, ndi kuilinganiza ndi ya m'buku. Nambala ya chasisi inagwirizana. Ya injini inali yina.

Kusintha injini si mlandu. Magalimoto okalamba ambiri ali ndi injini yaciwiri. Koma injini yatsopanoyo iyenera kukhala ndi mapepala osonyeza kumene inacokera, ndi kulembedwa m'buku. Pakuti m'dziko muno galimoto sisanduka yanu cifukwa mwapereka ndalama ndi kulandira makiyi. Pafunika kalata ya malonda. Pafunika kuti apolisi a CID oona za kuba magalimoto, a Vehicle Theft Squad, aione galimotoyo, awerenge manambala ace onse, napereke cikalata cakuti si yakuba. Pafunika kulipira msonkho wa kusintha mwini kwa a ZIMRA. Pamenepo ndipo a Central Vehicle Registry aturutsa buku la dzina lanu. Ngati nambala ya injini isiyana ndipo palibe pepala lace, mudzaima pa khomo loyamba lomwelo, ndipo ikapezeka kuti injiniyo inabedwa kwina, galimoto itsala ku polisi ndi inu mufunsidwa mafunso.

Ndinati kwa wogulitsa, "Bambo, tiyeni Lolemba tipite nayo ku polisi tonse. Akaibvomera, ndalama zanu ziripo." Anati Lolemba ali ndi maliro. Laciwiri anati galimoto iri ndi mlamu wace. Sabata yotsatira anati ngati sitifuna tinene, pali ena ofuna. Tinapempha cikole cathu. Anati cikole sicibwezedwa, ndipo anafunsa kuti mboni ndani, pepala liri kuti. Atsibweni anangoti kukamwa yasa. Pobwerera anandifunsa kuti, "Iwe mphwanga, iwe udziwa masamu, madola 300 ndi mashifiti angati?" Ndinawawerengera, koma sindilemba pano.

Sindinena kuti galimoto ija inali yakuba. Mwina inali yabwino-bwino, ndipo anthu anangocita ulesi ndi mapepala pothawa msonkho, monga acitira ambiri. Koma ulesi wa eni atatu ulipidwa ndi wacinai. Cimodzi-modzi laisensi ya ZINARA: ngati eni akale sanali kudula, ngongoleyo itsata galimoto, ndipo imene yakhala zaka ziwiri yosadulira ikhoza kufafanizidwa m'kaundula, kotero kuti muyamba kulembetsa mwatsopano. Yang'anani kapepala ka pa galasi, muone mwezi ndi caka. Ndiponso kuyambira 2025 lamulo liti munthu asanadule inshuwalansi ndi laisensi ya ZINARA ayambe waonetsa laisensi ya wailesi ya ZBC, kapena cikalata cakuti m'galimoto mwace mulibe wailesi. A Madala anaseka pomva ici, nati m'Land Rover yakale ngakhale muike wailesi simungaimve.

Amene mubwera kwa ine kuti ndikulembereni kalata, dziwani m'mene ndilembera tsopano. Ndilemba maina onse awiri ndi manambala a zitupa, nditaona zitupazo ndi maso. Manambala a chasisi ndi a injini ndikopera pa citsulo, osati m'buku, ndipo kenaka ndilinganiza. Mtengo ndilemba m'manambala ndi m'mau. Mboni ziwiri zisaina. Ndipo ndiikamo mzere wakuti ndalama ziperekedwa apolisi atabvomera, ndi kuti cikole, ngati cilipo, cibwezedwa akakana. Wogulitsa woona mtima sakwiya ndi mzere umenewu. Aphunzitsi athu a pa mishoni anali kutikwapula tikalemba 7 wofanana ndi 1, ndipo ine ndinali kudandaula. Lero ndiwathokoza pamene ndiwerenga manambala a injini.

Yacitatu inabwera mwa mwai. Kapitao wina anatiuza za aphunzitsi opuma pa nchito amene akhala ca ku mseu wa ku Chakari, amene maso ao ayamba kufooka ndipo ana awaletsa kuyendetsa. Kanali ka SJ410, konyansa ndithu. Penti anali atasuluka, tenti ya pamwamba yong'ambika, mpando wa woyendetsa womangidwa ndi lamba. Atsibweni atakaona anati, "Kodi aka ndi kamene ndikalowe nako kwathu?" Koma buku linali la dzina la aphunzitsiwo, manambala onse anagwirizana, ndipo anali ndi kope lolembamo tsiku liri lonse limene anasintha oilo.

A Madala anaumirira kuti tifike mamawa dzuwa lisanakwere, nayamba waika dzanja pa injini kuti aone ngati iri yozizira. Ati injini yodwala ibisa matenda ace ikatenthedwa, ndipo wogulitsa wocenjera ailiza musanafike. Analiza ali kuyang'ana utsi kumbuyo. Utsi wobiriwira ngati wa fodya ndiye kuti idya oilo. Anatsegula cibvundikiro ca oilo kuona ngati pali zoyera ngati cambiko, cizindikiro cakuti madzi asanganikirana ndi oilo. Anayang'ana m'radiyeta ngati muli thobvu. Zonse zinali bwino. Anakweza wilo la kutsogolo ndi jeke, naligwedeza pamwamba ndi pansi, ndipo linagwedera. Anati mabering'i a pamene wilo likhotera atha, ndipo ndiwo acititsa ciongolero ca Suzuki kunjenjemera mukathamanga. Anawauza aphunzitsi poyera, ndipo iwo anatsitsa mtengo kufika madola 2,300. Lolemba anabvala jekete lao, nakwera nafe kupita ku polisi. Buku la dzina la atsibweni linaturuka patapita masabata angapo.

Musayese kuti ndalama zinathera pamenepo. Panatsala madola 900, ndipo mapepala ndi zokonza zinadya pafupi-fupi zonse. Tinasintha mabering'i aja, matayala awiri, ndi zikopa za mabuleki. Tinasinthanso mapaipi onse a labala a petulo. Kuyambira 2013 petulo wa m'dziko muno asanganiza ndi ethanol wa nzimbe, ndipo mapaipi ndi timalabala ta m'kabureta ta magalimoto a zaka za 1980 sanapangidwire mafuta otere. Aumitsa, nang'ambika, petulo nadontha pafupi ndi injini yotentha. Munthu wa madola 3,000 akagula galimoto ya madola 3,000, idzaima pa khomo pace ndi nkhuku zidzaikira mazira m'menemo. Mwaziona m'komboni, sindichula nyumba.

Tsono kagalimoto aka nkamphamvu m'matope cifukwa nkopepuka, kosafika tani imodzi. Pamene galimoto yaikulu ititimira, iko kangodutsa pamwamba. Koma kupepuka komweko ndiko malire ace. Woyendetsa, mnzace mmodzi ndi matumba anai a makilogramu 50, kakwana. Pa mseu waukulu wa Harare ndi Bulawayo kayenda bwino pa makilomita 80 pa ola, ndipo lole yaikulu ikadutsa mphepo yace ikakankha. Nkopapatiza, nkotalika msinkhu, kotero sikafuna kukhotetsedwa mwadzidzidzi. Ku America mu 1988 magazini ya Consumer Reports inanena kuti Suzuki Samurai, imene iri SJ413 yomweyi, igubuduka msanga pokhota. A Suzuki anakana napita ku khoti, ndipo mlandu unatha mu 2004 mwa kugwirizana. Ine sindiweruza za ku America, koma ndinawauza atsibweni kuti anthu asanu ndi mbuzi pamwamba pa matumba, ai.

Za ulendo wa ku Dedza tinakhala pansi ndi kuwerenga. Kucokera ku Kadoma kudzera ku Harare, Mutoko, Nyamapanda, Tete ndi cipata ca Calomue ndi makilomita pafupi-fupi 800, ndipo pakati pali kutentha kwa cigwa ca Zambezi kumene kuyesa radiyeta iri yonse. Poturuka m'dziko pafunika cikalata cina ca apolisi, ndi buku la dzina la woyendetsa kapena kalata ya mwini; apa mukuona kuti Suzuki yoyera ija sikadaoloka ngakhale pa Nyamapanda. Ku Mozambique mugula inshuwalansi yao ndi pepala lolowetsera galimoto kwa kanthawi. Ku Malawi cimodzi-modzi, ndipo ngati mufuna kuisiya kumudzi, a MRA afuna msonkho, umene ukwera galimoto ikakhala ya zaka zambiri. Atsibweni anamvetsera zonse, nati caka cino apita pa basi, kagalimoto kayambe kadziwana nao.

Mwezi wa January kananyamula feteleza kupita ku munda maulendo atatu, matumba anai-anai, mvula iri kugwa. Ulendo wacitatu anapeza galimoto ya kapitao uja itatitimira pa dambo, naikoka ndi cingwe, ndipo nkhani imeneyi aikamba m'komboni mpaka lero, mokweza monga alankhulira anthu a jekihamala. Tenti sanasinthebe.

Amene afuna kalata ya malonda afike pa windo Lacinai masana, atatenga buku la galimoto, ndipo mwini dzina la m'bukumo abwere yekha ndi citupa cace. A Madala ati nyundo yao abwereketsa kwa ali yense, koma kuti iwo eni agone pansi pa galimoto muwalipirire basi ndi nsima ya masana.